Dawe Wameranso Kumanda kwa Agogo

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye? Mawu athu a m'mawa uno akuchokera pa Nehemiya 2:3, pamene Nehemiya, woperekera chikho wa mfumu, anauza mfumuyo kuti nkhope yake siingaleke kugwa pomwe mzinda wa Yerusalemu, umene muli manda a makolo ake, uli bwinja. Ndikulemba uku zala zikukanika kugwira bwino foni, chifukwa matuza amene khasu linandisiyira Loweruka lapitali sanapolebe. Ndiyambiretu ndi pempho limene mulimve kangapo lero: musaleke kubwerera ku ntchito yabwino chifukwa choti udzu umene munapalira dzana mwaupeza utameranso, kapena chifukwa choti amene analonjeza kudzagwira nanu khasu sanaoneke.

Ena mukudziwa kuti ndine mlembi wa kagulu ka ife ana ndi adzukulu a asilikali akale a King's African Rifles, gulu la nkhondo limene linakhazikitsidwa mu 1902 ndipo agogo athu ankangolitchula kuti Keyala. Tili kuno kwathu m'boma la Zomba, kumene pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi banja limene linatumizako mwana ku usilikali umenewo. Chichewa chathu chinatitchera msampha wabwino pa dzina lakuti adzukulu, pakuti mawu omwewo amatanthauza ana a ana ako ndiponso anthu amene amakumba manda ndi kugoneka maliro. Ife tinayamba monga adzukulu a mtundu woyamba, tikuonetsana mamendulo ndi zithunzi zofwifwa za agogo atavala makabudula ndi zipewa zazitali, koma posakhalitsa dzina lomwelo linatigwiritsa makasu. Kawiri pa chaka, a mfumu akatiloleza, pakuti kumanda salowako mwachisawawa, timakalambula manda akale a m'mudzi kumene kwagona asilikali angapo, ndipo pakati pa chaka timayendera amayi amasiye amene amuna awo anali asilikali, kuwafolerera nyumba, kuwatemera nkhuni ndi kuwaperekeza kuchipatala.

Pa gulu lathu la pa WhatsApp tilipo anthu 46. Nditalengeza kuti tikalambule manda Lamulungu lachiwiri la Novembala lisanafike, tsiku limene dziko limakumbukira amene anafera ku nkhondo, mayankho anagwa ngati matalala, aliyense akuti tili limodzi, ena mpaka kulonjeza thobwa. Loweruka m'mawa tinapezeka anthu 5 pansi pa mtengo wa mkuyu umene uli polowera kumanda, ndipo mwa asanuwo mmodzi anali bambo wachikulire wa Chisilamu amene amayenda ndi ndodo, mdzukulu wa msilikali wa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Tinadikira mpaka dzuwa litayamba kuluma pakhosi, ine ndikuyang'ana msewu ndi foni mosinthanasinthana, kenaka tinapemphera mwachidule ndi kulowa.

Chizimalupsa chinali chitagwa masabata awiri m'mbuyomo, ndipo malo onse amene tinasiya ali mbee m'mwezi wa Meyi anali atabiriwira ndi dawe. Chiliza cha agogo anga n'chaching'ono, cha simenti yong'aluka pakona, ndipo dzina lawo pamodzi ndi nambala yawo ya usilikali zinalembedwa ndi msomali simenti isanaume, mwina ndi amalume anga amene nawonso anatisiya. Dawe anali atatulukira pa mng'alu weniweniwo, masamba ake owala akugwedera pamwamba pa nambala ija ngati akundiseka. Ndinagwada n'kuyamba kuchotsa dothi ndi ndere m'zilembo ndi mswachi wakale ndi madzi a m'chigubu, ndipo chilembo chilichonse chikamaonekera ndinkakumbukira mawu a agogo posimba za ku Burma, kumene anapita mu 1944 ndi gulu la 11th East African Division ndi kutsika chigwa cha Kabaw m'nyengo ya mvula yosakata. Za kuombera mfuti sankazikamba kawirikawiri. Ankakamba za matope ofika m'mawondo, za misundu yolowa m'nsapato, za malungo, ndi za mnzawo wa ku Mulanje amene anamusiya m'nkhalango atamufotsera m'dzenje losaya, popanda mdzukulu ngakhale mmodzi womuimbira nyimbo ya kwawo.

Nditamaliza chilizacho ndinatenga khasu ndi mkwiyo wonse umene ndinali nawo pa anthu 41 aja, n'kuyamba kusenga dawe mofulumira kuti malo aoneke oyera tisanajambule chithunzi. Bambo wachikulire uja anandiyang'ana kanthawi, kenaka anati, "Mwanangu, mukumumeta tsitsi ameneyo, ndipo Lachisanu adzakhala atakula kuposa lero. Lowetsani khasu pansi." Anagwada movutikira, nafukula ndi zala pamene ndinasengapo, ndipo anatulutsa kambulu kakuda konga mtedza, kolumikizana ndi kanzake ndi kamzu kowonda ngati ulusi, kanzakeko n'kulumikizananso ndi kena chapatali. Aliyense amene analimapo kudimba amamudziwa dawe. Moyo wake uli m'timibulu timeneti, ndipo ukadula ulusi uja n'kusiya kambulu kamodzi m'nthaka, wangomuthandiza kufalikira. Amafuna kukumba, kutola kamodzikamodzi, ndi kutiyanika padzuwa kuti tiume, ndipo ngakhale utatero, chaka chamawa udzapezako ena amene anakubisalira. Ntchito imene ndinkafuna ithe pa maola awiri inatitengera mpaka dzuwa litapendeka, ndipo tinangolambula theka la manda.

Abale, kuiwala kumamera ngati dawe. Palibe amene amadzala kuiwala, ndipo palibe banja limene linakhalapo pansi n'kugwirizana kuti dzina la agogo litayike; kumangomera kokha pamene anthu atanganidwa ndi zina, ndipo mvula imodzi ndi yokwanira. Kuseri kwa ziliza zochepa zimene zili ndi mayina kuli mitumbira yambiri imene inaphwa mpaka kulingana ndi nthaka, yongodziwika ndi nkhadze imene inabzalidwa kumutu kapena phale la mphika limene linakwiririka theka. Akuluakulu amati ina mwa imeneyo ndi ya amtengatenga a nkhondo ya Chiwaya, ija ya 1914 mpaka 1918, imene makolo athu anaipatsa dzina la mfuti yolira motsatizana ngati chimanga chothetheka m'chiwaya. Dziko lathu, limene pa nthawiyo linkatchedwa Nyasaland, linapereka asilikali pafupifupi 19,000, koma osenza katundu anali pafupifupi 200,000, ambiri a iwo ochita kugwidwa m'midzi. Anayenda pansi kulowera ku Tanganyika ndi ku Mozambique atasenza chakudya ndi zipolopolo pamutu, ndipo amene anafa ndi njala, kamwazi ndi chibayo anachuluka kuposa amene anafa ndi mfuti. Amene anabwerako anafika ali mafupa okhaokha, ena n'kudzamwalira pakhomo ndi chimfine choopsa cha 1918. Pamene ndimawerenga pa Nehemiya 4:10 kuti mphamvu za osenza katundu zatha ndipo zinyalala zachuluka, ndimaona anthu amenewa.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu mumafunsa ngati n'koyenera kuti Mkhristu azitaya tsiku lonse kumanda, ndipo wina anandilemberapo kuti akufa aziika akufa anzawo. Sitipita kukapempha kanthu kwa akufa, ndipo sitithira nsembe. Timapita ndi makasu ndi matsache monga momwe mwana amasesera pakhomo pa make. Ena amati nkhondozo zinali za azungu ndipo palibe chonyadira. Pamenepo sinditsutsa kwambiri, pakuti m'busa John Chilembwe ananeneratu zimenezo chakumapeto kwa 1914 m'kalata imene analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times, nkhondo ya pa Karonga ya pa 9 Seputembala itangochitika kumene, podandaula kuti anthu osauka akufera mlandu umene si wawo ndi kusiya amasiye ndi ana opanda wowasamala. Koma munthu amene anatengedwa pamudzi kukasenza katundu wa mfumu yachilendo analandidwa kale zambiri ali moyo, ndipo sindiona chifukwa choti ife adzukulu ake timulandenso kachidutswa ka nthaka kamene wagonapo pokasiyira dawe. Nehemiya sanauze mfumu kuti makolo ake anali olungama. Iye ankadziwa bwino kuti mzindawo unapasuka chifukwa cha zolakwa zawo, ndipo anavomereza zimenezo m'pemphero. Anangoti ndi makolo anga, ndipo nkhope yake inagwa.

Tsopano ndivomereze tchimo langa, pakuti ndilo landilembetsa mawu ano. Loweruka madzulo, nditasamba ndi kupaka mafuta pa matuza, ndinakhala pakhonde n'kulemba uthenga wautali wopita ku gulu. Ndinatchula maola amene tinagwira ntchito, ndinatchula zaka za bambo wachikulire uja kuti achinyamata achite manyazi, ndinakumbutsa za thobwa amene sanafike, ndipo kumapeto ndinalemba kuti asankhe mlembi wina chifukwa ine ndatopa kukhala kapolo wa anthu okonda kuvala duwa lofiira pachifuwa tsiku la chikumbutso koma oopa mpini wa khasu. Mawu ake anali osalala ndithu, okhala ndi vesi pamwamba, koma pansi pake panali timibulu takuda tolumikizana, tina ta chaka chatha, tina ta msonkhano wina umene munthu anandidula mawu, tina ta ndalama za simenti zimene ndinaonjezera za m'thumba mwanga popanda wondithokoza. Mayi a kunyumba anaima pakhomo nati, "Abambo, nsima ikuzizira, ndipo uthenga wolemba ndi njala sautumiza usiku." Ndinaika foni pansi mokwiya, koma ndinaiika.

Lamulungu m'mamawa, pofuna kupeza vesi lina loti ndiwakwapule nalo bwino, ndinatsegula mutu 3 wa Nehemiya, ndipo ndinalipezadi pa vesi 5, pamene akuti anthu a ku Tekowa anakonza chigawo chawo cha linga la Yerusalemu koma akuluakulu awo anakana kupereka makosi awo ku ntchito. Ndinasangalala kuti ngakhale Mulungu amalemba mayina a ojomba. Koma maso anga anatsetsereka mpaka pa vesi 27, ndipo ndinapeza anthu a ku Tekowa omwewo akukonza chigawo chachiwiri. Palibe pamene analemba kalata yotula pansi udindo, ndipo palibe pamene anaima kuti awerenge amene sanabwere. Atamaliza gawo lawo anasenza zida n'kupita pena pamene panali pogumuka. Ndinakhala chete nthawi yaitali, Baibulo lili pamiyendo, ndikumva ngati bambo wachikulire uja akundiuzanso kuti ndilowetse khasu pansi.

Pakuti chakukhosi nachonso chimamera ngati dawe, ndipo chimakonda kwambiri nthaka ya anthu ogwira ntchito ya Mulungu mokhulupirika, chifukwa ndi nthaka yofewa ndi yothiriridwa. Munthu waulesi sasunga mangawa pa amene sanabwere, popeza iye mwini sanabwere. Ndi ife ofika m'mamawa, osesa m'tchalitchi, ophika pamaliro, osunga mabuku a gulu, amene timabwerera kunyumba ndi timibulu m'matumba. Timasenga pamwamba pomwetulira ndi kunena kuti palibe kanthu, tonse ndife anthu, koma kambulu kamatsala, ndipo mvula ina ikadzagwa, mwina patapita chaka, mawu owawa amatuluka pa mng'alu umene sitinkauyembekezera, kawirikawiri pa mkazi kapena ana amene sanalakwe chilichonse. Inu amene mwatopa ndi kuyang'anira odwala pa banja lanu nokha pomwe abale anu akungotumiza moni pa foni, inu amene mumatsegula kalasi ya Sande sukulu n'kupeza aphunzitsi anzanu sanabwere, ndikulankhula nanu monga mnzanu wa matuza. Musasiye ntchitoyo, koma musaipitirizenso muli ndi dawe mumtima. Kumbani, tchulani pamaso pa Ambuye dzina la munthu amene wakukhumudwitsani, yanikani nkhaniyo padzuwa, ndipo ngati n'kofunika pitani mukalankhule naye maso ndi maso m'malo momulasa pa gulu.

Manyazi anga anakwanira Lolemba. Pali mayi wina wokalamba kutsidya kwa mtsinje, wamasiye wa msilikali amene anapita ku Malaya m'zaka za m'ma 1950, amene tinamulonjeza m'mwezi wa Ogasiti kuti tidzamufolerera nyumba mvula isanagwe, ndipo lonjezolo linalembedwa ndi dzanja langa m'buku la gulu. Ine ndinaliiwala, mtima wonse uli pa ziliza ndi pa chithunzi chimene ndinkafuna kudzaonetsa tsiku la chikumbutso. Chizimalupsa chija chinamunyowetsera mphasa ndi ufa. Nditapita kukamuona ndinapeza denga lafoleredwa mbali imodzi ndi udzu watsopano, ndipo iye anandiuza kuti anyamata awiri a gulu lathu, omwe aja ndinkafuna kuwachititsa manyazi, ndiwo anagwira ntchitoyo Loweruka lomwelo kuyambira m'mawa. Anandigwira dzanja, naona matuza, nati, "Pepani bambo, mwavutika chifukwa cha amuna athu." Sindinathe kumuuza kuti mwamuna wake akanatha kudikira sabata ina pansi pa dawe osanyowa, pamene iye wagona usiku ungapo atakhala tsonga pakona youma ya nyumba.

Sindikunena kuti onse 41 anali pa denga la mayi ameneyo. Ena anali ku maliro, ena kukasaka feteleza, ndipo ena, tinene zoona, anali pa bawo kapena pa mpira. Kwa inu otsirizawa ndili ndi mawu ofatsa koma osabisa: chala chokweza pa foni sichizula udzu. Agogo anu anayenda pansi mitunda imene inu simungaiyende ngakhale pa njinga, ndipo chimene akupemphani kudzera mwa ife ndi m'mawa umodzi wokha pa miyezi isanu ndi umodzi. Mumavina beni ndi malipenga mokoma, magule amene anachokera ku perete wa asilikali omwewo, ndipo mumadziwa kuponda mwadongosolo ng'oma ikalira. Bwerani mudzapondenso chimodzimodzi pa mzere wa makasu. M'ndandanda wa Nehemiya muli osula golide, opanga zonunkhira, ansembe, ndi Salumu amene anagwira ntchito pamodzi ndi ana ake aakazi, anthu amene manja awo sanazolowere miyala, ndipo pa vesi 16 muli munthu amene gawo lake linafika pandunji pa manda a Davide ndi pa nyumba ya ngwazi. Ngakhale pamenepo panafunika wina woti akonzepo.

Nthawi zina ndikadutsa pa nsanja ya njerwa zofiira ya chikumbutso cha Keyala pafupi ndi Cobbe Barracks, pamene palembedwa mayina oposa 1,000 a asilikali a nkhondo yoyamba, kapena ndikakumbukira manda a nkhondo a ku Karonga, kumene Angerezi ndi Majeremani agona m'bwalo limodzi losesedwa bwino, mtima umafuna kuwawa poyerekeza ndi mitumbira yathu ya nkhadze. Bungwe la Commonwealth War Graves Commission, limene limasamala manda oterowo, linavomereza lokha mu Epulo 2021 kuti anthu osachepera 116,000 amene anafa pa nkhondo yoyamba, ambiri a iwo a kuno ku Africa, sanakumbukiridwe ndi mayina awo monga anachitira ndi azungu, ndipo mwina chiwerengerocho chingafike 350,000. Boma la Britain linapepesa m'nyumba yawo ya malamulo. Kupepesako n'kwabwino, koma sikudzabwera ndi khasu kumudzi kwathu, ndipo mayina ambiri amene anatayika sali m'kaundula aliyense wa padziko lino. Atsala m'mitu ya okalamba ochepa, ngati bambo wa ndodo uja, amene Loweruka anaima pa mtumbira wina wophwa n'kutchula dzina la mwini wake, dzina la mudzi umene anagwidwirako, ndi dzina la mkazi amene anamudikira zaka zitatu. Ndinalibe cholembera, ndipo ndinalemba ndi kamtengo pa tsamba la m'buku la gulu nditakanyika m'dothi lonyowa, pansi penipeni pa lonjezo la denga lija. Ambuye amene anasunga mayina a anthu a ku Tekowa amawadziwa onsewo, koma watipatsa ife makutu ndi mapepala pamene okalambawa akadali moyo.

Uthenga uja ndinaufufuta Lolemba usiku, ngakhale ndivomereze kuti ndinauwerenga kaye kawiri chifukwa unalembedwa bwino. Dzulo ndinadzera kumanda pochokera kuntchito, ndipo monga ananenera bambo uja, pamene ndinasenga mwaukali paja dawe watulukanso kale, timasamba tatifupi tosongoka ngati singano, pomwe mbali imene tinakumba mofatsa idakali yoyera. Ndinaimapo kanthawi, ndipo ndinapezeka ndikuseka ndekha pakati pa manda.

Tipemphere. Atate, Inu amene simuiwala osenza katundu, tipatseni mphamvu zobwerera ku gawo lachiwiri la linga. Kumbani mwa ife timibulu ta mangawa timene tabisa pansi pa utumiki wathu, ndipo mutikumbutse amasiye amene denga lawo likudontha pamene ife tikupukuta ziliza. Dalitsani amene adzabwere ndi amene sadzabwera, m'dzina la Yesu Khristu, Amen.

A mfumu atilolezanso Loweruka likudzali. Tidzakumana pa mkuyu nthawi ya 6 koloko m'mawa, ndipo tidzayambira chakumadzulo kumene kuli mitumbira ya amtengatenga. Masana tidzawoloka mtsinje kukamaliza mbali yotsala ya denga, choncho amene ali ndi mitolo ya udzu ndi luzi abwere nazo. Mpini wa khasu langa unathyoka, ndipo ndikupempha amene ali ndi makasu awiri andibwereke limodzi.